Makhadi sasunga mangawa: za tsoka pa poker ya pa intaneti

Zaka zingapo zapitazo, ndili ku Britain, ndinkakhala nyumba imodzi ndi mnyamata wina wa kwathu amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Akaweruka usiku ankatsegula laputopu patebulo la kukhitchini n'kuyamba kusewera poker. Tsiku lina ndinatsika kukamwa madzi cha m'ma 1 koloko usiku, ndipo anandikodola kuti ndidzaone. Anali atalandira ma A awiri, makhadi amene palibe owaposa poyambira pa poker yotchedwa Texas Hold'em. Munthu wina wosaoneka nkhope anakankhira ndalama zake zonse pakati, mnyamatayo n'kuvomera. Makhadi atavundukulidwa, winayo anali ndi ma K awiri. Pakati panagwa makhadi atatu, opanda vuto. Lachinayi nalonso linadutsa bwino. Lachisanu linali K. Mapaundi 50 anatsetserekera mbali inayo pasanathe ndi sekondi yomwe, makhadi ena n'kugawidwa kale.

Anagwira m'mutu. "Achimwene, ino ndi sabata yachitatu. Kaya ndi minyama, kaya anthuwa akundibera."

Mawu amenewa amatuluka m'kamwa mwa wosewera poker aliyense, m'chilankhulo chilichonse. Azungu kudyedwa uli ndi makhadi abwino amati bad beat, ndipo zikakupanikiza kwa masabata kapena miyezi amati downswing. Kwathu timangoti mvula ikakuona litsiro siikata. Mwambiwu umanena bwino mmene mtima umamvera, koma uli ndi mbedza mkati mwake, chifukwa umaipatsa mvula maso. Makhadi alibe maso, ndipo amene wamvetsa zimenezi wayamba kale kupepukidwa.

Tiyambe ndi ma A awiri aja. Akakumana ndi ma K awiri, ndalama zonse zitalowa makhadi apakati asanagwe, amapambana pafupifupi maulendo 82 pa 100 aliwonse. Maulendo 18 otsalawo ndi a mwini ma K. Ndiye kuti pa maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi, kamodzi udzadyedwa, usanalakwitse kalikonse. Ukawerengera bwino, mwayi woti upambane mikangano yotere isanu yotsatizana ndi 37 pa 100 basi, ndipo kudyedwa katatu motsatizana kumachitika pafupifupi kamodzi pa maulendo 170. Chiwerengerochi chingaoneke chaching'ono, koma pa anthu masauzande amene ali pa matebulo usiku uliwonse, alipo amene zikuwachitikira pakali pano, ndipo aliyense wa iwo akuganiza kuti zamusankha yekha. Apatu n'kuti tikunena za makhadi amphamvu koposa onse. Mikangano yambiri ya poker imakhala yoyandikana kwambiri, 55 kwa 45 kapena 60 kwa 40, moti kugwa kasanu ndi kamodzi motsatizana si nkhani yoitanira anthu.

Poker ndi yosiyana ndi bawo. Pa bawo katswiri amadya mwana wophunzira tsiku lililonse, chifukwa zonse zili poyera ndipo palibe chogwa kuchokera kumwamba. Pa poker wophunzira akhoza kudya katswiri usiku wonse. N'chifukwa chake masewerawa ali ndi ndalama: wosadziwa akanakhala kuti amaluza nthawi zonse, bwenzi atasiya kalekale. Anthu ambiri anakopeka ndi nkhani ya Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, amene mu 2003 analowa mpikisano wa pa intaneti wa kampani ya PokerStars ndi madola osakwana 100, n'kupeza malo pa mpikisano waukulu wa World Series of Poker ku Las Vegas, n'kukatenga $2.5 miliyoni. Chaka chimenecho opikisana anali 839. Pofika 2006 anali 8,773. Khomo limene anthu analowera linali nkhani ya mwayi, ndiye n'zosadabwitsa kuti mwayiwo ukatembenuka amaona ngati apusitsidwa.

Pa intaneti tsoka limaoneka lochuluka pa chifukwa chimodzi chachikulu, liwiro. Patebulo lenileni, pamene munthu amasakaniza ndi kugawa makhadi ndi manja, mumasewera maulendo pafupifupi 30 pa ola. Pa kompyuta tebulo limodzi limapitirira kawiri pamenepo, ndipo anthu amatsegula matebulo anayi, asanu ndi atatu, ena kuposa apo. Mu 2010 kampani ya Full Tilt Poker inabweretsa kaseweredwe koti ukangotaya makhadi, nthawi yomweyo wasamutsidwira patebulo lina n'kupatsidwa ena. PokerStars inatsatira mu 2012. Zowawa zimene wosewera wa m'kasino amakumana nazo pa mwezi wathunthu, wa pa intaneti amazimeza pa masiku awiri kapena atatu. Ndipo amazimeza ali yekha, popanda wogawa makhadi womupatsa mpata wopuma, popanda mnzake womuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti tiye tizipita.

Kodi mvula yotereyi ingagwe nthawi yaitali bwanji? Apa ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza, choncho ndichedwapo pang'ono. Tiyerekeze wosewera waluso ndithu, patebulo limene munthu amakhalapo ndi $100. Tinene kuti luso lake limamupatsa phindu la $3 pa maulendo 100 aliwonse, lomwe ndi phindu labwino. Koma $3 imeneyo siibwera ngati malipiro a pamwezi. Pa maulendo 100 ena akwera ndi $90, pa ena atsika ndi $90, nthawi zina kuposa, ndipo kukwera ndi kutsika kwa msinkhu umenewu n'kwachizolowezi pa matebulo a anthu asanu ndi mmodzi. Osewera amakutcha variance. Phindu lake lili ngati kamtsinje kakang'ono koyenda pansi pa mafunde a nyanja. Akasewera maulendo 10,000 amayembekezera kukhala ndi $300 pamwamba, koma masamu akusonyeza kuti pa osewera 100 aluso lofanana nalo, pafupifupi 37 adzakhala ataluza. Akafika maulendo 100,000, phindu loyembekezeka ndi $3,000, komabe mmodzi mwa asanu ndi awiri adzakhala adakali m'dzenje. Maulendo 100,000 patebulo lenileni ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku yopitirira chaka ndi theka. Pa intaneti, ndi matebulo anayi, ndi miyezi iwiri kapena itatu. Ndiye masabata atatu a mnyamata uja, ngakhale anali owawa, sakanatha kutiuza chilichonse chokhudza luso lake, ngakhalenso za minyama.

Munthu akadyedwa kwambiri amayamba kukhulupirira kuti makhadi ali naye ngongole, kuti pambuyo pa zoipa zonsezi zabwino zili pakhomo. Pa 18 August 1913, mu kasino ya Monte Carlo, kampira ka roulette kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 otsatizana. Anthu anataya chuma chambiri pobetchera wofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana. Kampirako sikankadziwa kuti kagwa kangati pakuda. Makhadi 52 akasakanizidwanso, zonse za ulendo wapita zafufutika. Sakusungira mangawa, komanso sakusungira mphoto ya kupirira kwako.

Nanga za kubera zija? Sindingamuseke munthu wofunsa funsoli, chifukwa kubera kunachitikapo. Mu 2007 pa Absolute Poker, ndi mu 2008 pa UltimateBet, zinaululika kuti anthu ena am'kati ankatha kuona makhadi obisika a anzawo, ndipo anaba madola mamiliyoni. Koma taonani mmene anagwidwira. Osewera anasonkhanitsa zolembedwa za maulendo masauzande, n'kuona kuti maakaunti ena ankapambana pa mlingo umene munthu wosaona makhadi a mnzake sangafikepo, ndipo ankataya kapena kuvomera molondola modabwitsa. Umboni wake unali wa manambala. K wogwa pa khadi lachisanu si umboni wa kanthu. Zoopsa zenizeni za masiku ano ndi zina: anthu awiri ogwirizana patebulo limodzi, mapulogalamu osewera m'malo mwa munthu, ndi makampani opanda chilolezo amene ndalama ikalowa siituluka. Pa 15 April 2011 boma la America litatseka makampani atatu akuluakulu a poker m'dzikomo, zinapezeka kuti Full Tilt inalibe ndalama zokwanira kubweza osewera ake, ndipo ambiri anadikira zaka. Abale athu a ku South Africa adziwenso kuti kumeneko malamulo salola poker ya pa intaneti, choncho ukaberedwa ulibe kokadandaula.

Chimene chimamaliza anthu ambiri chimabwera pambuyo pa K uja. Osewera amachitcha tilt, mawu ochokera ku makina akale a pinball, amene munthu akawagwedeza mwaukali ankangotseka n'kumulanda gemu. Tilt ndi kusewera ndi mtima wotentha. Imabwera m'maonekedwe ambiri. Wina amayamba kulowa ndi makhadi amene dzulo akanawataya osaganiza kawiri. Wina amalondalonda munthu amene wamudya uja kuti amubwezere. Wina amasamukira patebulo la ndalama zambiri kuti dzenje alikwirire msanga. Palinso tilt yachete, imene anthu saizindikira: munthu wagwidwa mantha, ali ndi makhadi abwino koma akuopa kuika ndalama, ndipo akutaya phindu limene linali lake. Mu 2009 Gary Smith ndi anzake awiri anafalitsa kafukufuku m'magazini ya Management Science, atasanthula kaseweredwe ka anthu ozolowera pa matebulo a ndalama zambiri pa intaneti. Anapeza kuti akangoluza ndalama yaikulu, ambiri ankamasula dzanja n'kuyamba kusewera mosasamala kwenikweni. Awatu sanali ophunzira. Zikugwirizana ndi zimene Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anayamba kufotokoza mu 1979, kuti kutaya ndalama kumapweteka kuposa mmene kupeza ndalama yomweyo kumakomera, pafupifupi kuwirikiza kawiri, ndiponso kuti munthu amene ali m'dzenje amalolera kuchita zoopsa kuti abwerere pamene anali. Mawu oti "ndingobweza zanga zokha, kenako ndikagone" awononga ndalama zambiri kuposa khadi lililonse.

Luso palokha silitchinjiriza. Chakumapeto kwa 2009, mnyamata wa ku Sweden wa zaka 19, Viktor Blom, amene nthawiyo ankangodziwika ndi dzina loti Isildur1, anatulukira pa matebulo okwera mtengo koposa a Full Tilt n'kumalimbana ndi akatswiri monga Tom Dwan, Phil Ivey ndi Patrik Antonius, nthawi zina pa matebulo ambirimbiri nthawi imodzi. Pa masabata ochepa anakwera ndi madola pafupifupi 6 miliyoni. Mu December chaka chomwecho anataya madola oposa 4 miliyoni kwa Brian Hastings pa kukhala kumodzi, ndipo chuma chonse chija chinasungunuka. Palibe amene amakayikira luso la Blom. Koma ankaika gawo lalikulu kwambiri la zimene anali nazo patebulo, ndipo mafunde a msinkhu umenewo amamiza aliyense, kaya amadziwa kusambira.

Mayi wogulitsa tomato pamsika amadziwa chinthu chimene osewera ambiri amachiphunzira mochedwa, kuti mpamba sadya. Pa poker mpambawo amautcha bankroll: ndalama yopatulidwa, yosakhudzana ndi lendi, fizi kapena ya ufa, imene itatha yonse moyo ungapitirire bwinobwino. Ozolowera salola kukhala patebulo la $100 ngati alibe ndalama zokhalira patebulo lotero maulendo 30 kapena 50. Pa mipikisano amafuna zolowera 100 kapena kuposa, chifukwa kumeneko amene amalandirako kanthu ndi pafupifupi 15 pa 100 okha, ndipo ngakhale katswiri amatuluka chimanjamanja nthawi zambiri. Chris Ferguson, amene anapambana mpikisano waukulu wa World Series mu 2000, anayesapo kuyamba wopanda ndi senti yomwe mpaka kufika $10,000, ndipo lamulo lake linali losaika ndalama yoposa 5 pa 100 ya mpamba patebulo limodzi, kapena yoposa 2 pa 100 pa mpikisano wa anthu ambiri. Dzina lake linadzaipa ndi nkhani ya Full Tilt ija, koma masamu a lamulolo sanaipe nawo.

Mpamba ukachepa, munthu amatsikira pa matebulo ang'onoang'ono. Kunena n'kosavuta, koma apa ndi pamene ambiri amakanika, chifukwa kutsika kumamveka ngati kubwezedwa kalasi. Amene anazolowera tebulo la $100 akakhala pa la $25 amaona ngati dzenje lake silidzakwiririka, ndipo mtima umamukokera kumtunda m'malo mwa kumunsi. Ine ndimaona kuti kutsika modzifunira ndi chizindikiro chodalirika cha wosewera wokhwima kuposa mpikisano uliwonse umene anapambanapo.

Malire a nthawi ndi a ndalama aziikidwa munthu asanatsegule kompyuta, mutu udakali wozizira, chifukwa amene wadyedwa katatu motsatizana si munthu yemwe uja anakhala pansi madzulo. Ambiri amati ndikataya ndalama zokhalira patebulo katatu, ndadzuka. Masamu paokha salamula zimenezi, popeza makhadi a mawa ndi ofanana ndi a lero. Chimene lamuloli limateteza ndi mutu wa munthu. Makampani okhala ndi chilolezo ali ndi poikira malire a ndalama zolowetsa pa tsiku kapena pa mwezi, ndipo kukweza malirewo kumafuna kudikira kaye. Ndi bwino kugwiritsa ntchito zimenezi kusiyana n'kudalira kulimba mtima kwa pakati pa usiku. Kuchepetsa matebulo nakonso kumathandiza. Mapanga awiri avumbwitsa, nanji asanu ndi atatu.

Za kudandaula ndingonenako pang'ono. Maria Konnikova, wolemba amene anaphunzira poker kwa katswiri Erik Seidel n'kulemba buku la The Biggest Bluff mu 2020, amafotokoza kuti mphunzitsi wakeyo sankafuna kumva nkhani za mmene wadyedwera mwatsoka. Ankafuna kumva chimene anasankha kuchita ndi chifukwa chake. Nkhani ya K uja ukaibwereza kakhumi, imakuphunzitsa kudziona ngati wolodzedwa, ndipo wolodzedwa safufuza zolakwa zake.

Kufufuzako kumatheka, ndipo apa intaneti imaposa tebulo lenileni. Ulendo uliwonse umalembedwa. Mapulogalamu ngati PokerTracker ndi Hold'em Manager amasonyeza mizere iwiri: wa ndalama zimene wapezadi, ndi wa zimene ukanapeza zikanakhala kuti pa mikangano yoika ndalama zonse unkalandira gawo lako lenileni, monga 82 pa 100 uja. Mzere wachiwiri ukakhala pamwamba kwambiri, tsoka lilipodi. Mizere yonse iwiri ikamatsikira limodzi, mwina vuto lili pena, ngakhale kuti chida chimenechi chimangoyeza mbali imodzi ya mwayi. Chofunika kwambiri n'kutenga maulendo amene unataya ndalama zambiri, kubisa mathero ake, n'kudzifunsa ngati ungachitenso chimodzimodzi. Uonenso amene unapambana, chifukwa kulakwitsa kumene kwakupatsa ndalama n'kumene sudzakukonza.

Tsopano ndifike pa chimene chimandivuta kwambiri pa nkhani yonseyi. Masamu aja amene amatonthoza wosewera waluso ali ndi mbali inanso. Kampani imadula kagawo pa ndalama za pakati, kawirikawiri pafupifupi 5 pa 100 mpaka pa malire ena, ndipo kagawoka amakatcha rake. Choncho anthu asanu ndi mmodzi aluso lofanana akasewera nthawi yaitali, onse amaluza. Kuti munthu apeze phindu ayenera kuposa anzake ndi mpata woposa kagawo kameneka, ndipo ambiri safikapo. Ndiye tembenuzani chitsanzo chija. Wosewera amene kwenikweni amataya $3 pa maulendo 100 aliwonse ali ndi mwayi womwe uja, 37 pa 100, wopezeka ali pamwamba pambuyo pa maulendo 10,000. Mwezi wabwino umenewo amautenga ngati luso lake lenileni, ndipo miyezi isanu yoipa yotsatira amaitcha downswing. Mawu oti variance, amene ndi oona, amasanduka bulangete lofunda munthu amene ayenera kusiya. Ndawamvapo akutuluka m'kamwa mwa anthu amene anali atakongola kale kwa anzawo atatu.

Pali zizindikiro zimene sizifuna pulogalamu. Mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linaika vuto la njuga m'gulu limodzi ndi la mowa ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo pa zizindikiro zake pali kubwerera tsiku lina kukathamangitsa zotayika, kunama pofuna kubisa kuchuluka kwa zimene ukusewera, ndi kudalira ena kuti akuwombole pa mavuto a ndalama. Munthu akafika pobisa foni mkazi wake akalowa, kapena kugwira ndalama imene amayenera kutumiza kumudzi, funso loti ali ndi tsoka kapena ayi latha ntchito. Ku Britain kuli GamStop, kumene munthu amadzilembetsa kamodzi n'kutsekeredwa pa makampani onse a njuga ya pa intaneti okhala ndi chilolezo, ndipo kuyambira April 2020 kubetcha ndi khadi la ngongole n'koletsedwa. Magulu a Gamblers Anonymous, amene anayamba ku Los Angeles mu 1957, amakumana m'mayiko ambiri. Kumene kulibe zimenezi, kupereka khadi la kubanki kwa mbale wodalirika n'kumuuza chilungamo chonse kumagwira ntchito yomweyo, ngakhale kumafuna kumeza manyazi.

Tibwerere kukhitchini kuja. Loweruka lotsatira usiku wa K uja, ine ndi mnyamata uja tinakhala pansi ndi zolembedwa za masabata atatu aja. Ma A ake anali atagwadi kangapo, ndipo pa zimenezo sankanama. Koma titasanja zotayikazo potsata nthawi, tinaona kuti zambiri zinapita itadutsa 1 koloko usiku, pa matebulo okwera kawiri kuposa amene ankayambira, ndipo pafupifupi nthawi zonse patangopita mphindi zochepa chichitikireni bad beat. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali osalankhula. Kenako anatenga foni, n'kutumiza kaye ndalama ya feteleza kwa amayi ake, imene inali itachedwa ndi masiku khumi. Atatero anatsegula laputopu, n'kutsitsa malire a ndalama zolowetsa pa mwezi kufika pa mapaundi 40, ndipo anandipempha kuti ndikhale pomwepo mpaka atadina batani lotsimikiza.